Ndawaona Agogo Ako

Kwathu kuno ku Mua,
Loweruka masana.

Yasinta mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mtengo wa bwemba, pomwe ndimasemera paja, ndipo ndakankhira tchizulo pambali kuti ndigwire cholembera. Uko kunyumba ndikumva amayi ako ndi amayi ako aang'ono akukangana ngati nsinjiro ndi malambe zingalowe m'chikwama chimodzi ndi zovala, iwe ukuseka. Kuseka kumeneko ndakusowa masabata ano, chifukwa ndikangotulukira ine umakumeza. Ndikanatha kukuitana n'kulankhula nawe pakamwa, koma ukundidziwa: ndimayamba bwino, pakati ndimapsa mtima, pomaliza ndimapezeka ndikulalikira. Pepala lili ndi ubwino wake, silindiyankha. Uwerenge kalatayi lero lomwe. Usaisungire m'minibasi, muli zina zoti uzidziwe kusanache.

Choyamba ndi chimwemwe. Mawa mwana wanga akupita kukoleji ku Blantyre! Ndikamanena ndekhandekha mawu amenewa ndimapezeka ndikumwetulira chipika. Ndathokoza Mulungu mpaka mawondo kuwawa, ndipo aliyense wodutsa pano, ngakhale wogulitsa usipa, sachoka asanamve nkhaniyi. Zimenezi uzidziwe, chifukwa mwina nkhope yanga sinakuuze.

Koma pakati pa iwe ndi ine pali mawu amene ndinalankhula. Tsiku lija dzina lako linatuluka, akhristu a mumphakati mwathu atadzaza pabwalo, a Kalisto, anzanga osema nawo aja, anafunsa chomwe ukukaphunzira. Iwe unayankha kuti za luso, makamaka kujambula zithunzi ndi kamera. Ine, ngakhale ndinali nditamwa thobwa lokha, ndinalankhula ngati woledzera. Ndinati, "Kamera? Luso limatuluka m'manja, mwana iwe. Kudina kabatani ngakhale nyani wa m'phiri umu akhoza." Anthu anaseka. Iwe sunaseke. Patapita masiku unabwera pano, unagwada, n'kundiuza kuti wophunzira watsopano aliyense wauzidwa kubweretsa ntchito imodzi yoti ikapachikidwe pakhoma sabata yoyamba, ndipo unandipempha kuti ndikusemere felemu. Ndinakuyankha osadzutsa ndi mutu womwe, kuti mlombwa wanga si wovekera zotuluka m'makina. Unangoti, "Chabwino, Ababa," n'kunyamuka. "Chabwino" ameneyo wakhala akundidya. Sindikufuna ukwere naye minibasi.

Undimvetse kumene mwano umenewu unachokera. Ndili mnyamata, nditangomaliza sekondale, ku Mtakataka kunali wojambula wina woyenda panjinga, kamera ili m'khosi, ali ndi nsalu yojambulidwa nyumba yosanja yomwe ankaipachika kuseri kwa sitolo. Ndinkafuna chithunzi choti nditumize kwa mtsikana wina wa ku Mua amene ndinamuona akuimba kwaya. Ndinabwereka jekete kwa aphunzitsi, wotchi yakufa kwa telala, magalasi kwa msuweni wanga, n'kuima mwendo umodzi uli pampando, dzanja pachibwano kuti wotchi ioneke. Chithunzi chitafika, mtsikanayo, amene lero ndi amayi ako, anachiyang'anitsitsa n'kufunsa wotumidwayo kuti, "Bwanji a Damiyano anditumizira chithunzi cha achimwene awo? Iwowo akuopa chiyani?" Mpaka lero ndikavala jekete amandifunsa kuti achimwene akupeza bwanji. Kuyambira pamenepo ndinkati chithunzi ndi bodza lovala zobwereka. Sindinaganize kuti wabodza ndinali ine, kamera inangojambula zomwe ndinaipatsa. Tsono iwe ukafika kumeneko usakabwereke jekete. Usakabwereke kalankhulidwe, usakabwereke makolo. Akakufunsa uziti, ndine mwana wa wosema ziboliboli wa ku Mua, kwathu timalima mpunga ndi thonje. Wamva, mayi?

Kulakwitsa kwina ndinachita nditangoyamba kusema kumishoni. Anandipatsa ntchito yosema Amayi Maria, ine n'kutenga kachithunzi ka m'buku la mapemphero ndi kukopera zonse, mphuno, tsitsi, zala. Ndinapala mpaka chiboliboli chinasalala ngati dzira, ndipo ndinkadikira kuyamikidwa. Mkulu amene ankatiphunzitsa, malemu tsopano, anachizungulira mwakachetechete n'kunena kuti, "Damiyano, manja uli nawo, koma maso wawasiya kunyumba. Mayi ameneyu anaberekapo? Anathawapo ndi khanda kumsana?" Ananditumiza kukakhala pakhonde la chipatala tsiku la sikelo, osanyamula chida chilichonse, kungoona amayi odikira: momwe dzanja limagwirira kamutu ka khanda, momwe phewa limodzi limatsikira, momwe mayi amalankhulira ndi mnzake koma diso lili pa mwana. Ndinakwiya, ndinati mkuluyu akunditayitsa nthawi. Koma nditabwerera pamtengo, manja anga anali ena. Ndiye kuti ine ndinaphunzitsidwa kalekale kuti luso limayambira m'maso, manja amangotsatira. Phunziro limeneli ndaliuza aliyense amene anabwerapo kudzaphunzira kusema. Litafika pakhomo panga litanyamula kamera, sindinalizindikire. Iwe aphunzitsi ako akakakudzudzula, usakatupe ngati ine. Ukayambe wachita zomwe akuuza, kukwiya ukakwiye pambuyo ngati kudzakhale kukufunikabe.

Tsopano ndifike pa agogo ako, aNachisale. Ukuudziwa mwambo wathu, ngakhale achinyamata a masiku ano amauseka: mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Chichokereni kwathu ku Golomoti kudzakhala pamudzi pano, iwe usanabadwe, ine ndi iwo sitinaonanepo maso ndi maso. Si chidani ayi, ndi ulemu. Ndimadziwa katsokomoledwe kawo, kayendedwe kawo, zidendene zawo, ndi chitenje chilichonse chomwe ali nacho. Patali ndimatha kunena kuti awo ndi iwo, koma ndikangowazindikira maso ndimagwetsa. Tikafuna kulankhulana ine ndimakhala kuseri kwa nkhokwe, iwo pakhonde, mawu n'kumadutsa pamwamba pa nkhuku. Chaka china tinakumanizana panjira ya kudimba, ine popatuka mothamanga ndinagwera m'chitedze. Ndinadzikanda mpaka Lamulungu, iwo n'kutumiza mafuta pamodzi ndi uthenga woti apongozi aziyamba aona kopatukira. Pa Khrisimasi ina tchalitchi chitadzaza ndinapezeka ndaima pambali pawo osadziwa, ndipo bambo mfumu atati tipatsane chizindikiro cha mtendere, ine mtendere wanga ndinaupereka kwa nsanamira. M'mutu mwanga ndinali nditawasemera nkhope yangayanga, yolimba, yamakwinya pachipumi, milomo yothina, poti mawu awo ndi akuthwa. Ndinkaiopa nkhope imeneyo, chonsecho ndinaipanga ndekha.

Lolemba la sabata yatha amayi ako anandichenjerera. Nditabwerako kokatenga matabwa, ndinapeza chithunzi chachikulu chili patebulo langa losemera, chopsinjidwa ndi timiyala m'makona, iwo ali apo akusesa pamalo posesa kale. Sindinkadziwa kuti unajambula chiyani, sindinakufunse n'komwe. Ndinaona mayi wachikulire akupeta mpunga m'mawa. Lichero lili m'mwamba, mpunga wauluka ndipo sunagwe, mankhusu akuwala padzuwa ngati ngumbi zikutuluka pachulu. Mayiyo wakweza mwendo umodzi kuti athamangitse nkhuku yomwe yalowa pamkeka, koma nkhope ikuseka, kuseka kwa mtima wonse, m'kamwa mwa mano ochepa muli poyera, maso atatsala pang'ono kutsekeka. M'masaya muli mphini zakalekale zomwe kuwala kwazigwira chammbali, iliyonse ndi kamthunzi kake. Ndinati chamumtima, "Koma mayi wosangalala chotereyu ndi wa mudzi uti?" Kenako ndinaona chitseko kumbuyo kwake. Chitseko chimenecho ndinakhoma ndine. Ndinaona chitenje. Ndinaona chidendene.

Mwana wanga, ndinavula chipewa n'kuvundikira chithunzicho, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Amayi ako tsache linawapulumuka, anafa ndi phwete.

"Mwatani kodi, bambo a Yasinta? Mwaona njoka?"

"Inu, mukufuna kundichimwitsa?"

"Limenelo ndi pepala, silikukuonani."

Anatenga ndowa n'kupita kumjigo akusekabe. Atangokhota, ine ndinatukula mlomo wa chipewa pang'ono, ngati mwana woba ndiwo mumphika. Ndinabwezera. Ndinatukulanso. Dzuwa linafika pamutu ndisanagwire chida. Ndinaona chipumi cha amayi ako. Ndinaona kadzenje kako ka patsaya kaja, komwe ndakhala ndikudzitama kuti unatengera kwathu ku Golomoti. Munthu amene anandipatsa malo omangapo nyumba, amene ankanditumizira phala la mpunga ndikagwa ndi malungo, amene ndakhala naye mudzi umodzi moyo wanga wonse wapabanja, ndinamuona koyamba tsiku limenelo, ndipo wondionetsa unali iwe.

Komabe mutu wanga ndi wa phingo, tchizulo silowa msanga. Ndinati mwina unangochita mwayi. Amayi ako ndiwo anandiuza kuti nyengo yonse yokolola unkalawirira kukakhala pamtondo kwa agogo ako, kamera ili pamiyendo, osajambula. Akuti masiku oyamba agogo ako akangoiona kamerayo ankathamangira kukavala chilundu cha kutchalitchi n'kuima njo ngati msilikali, milomo atatseka kubisa mano. Iwe unkangowathandiza kutola timiyala mumpunga, mpaka anatopa nawe n'kukuiwala. Akuti unayesa kukhala mbali zonse za bwalo kufunafuna komwe dzuwa limagwira tsaya koma osalowa m'maso, ndipo zithunzi zomwe unataya n'zambiri kuposa nkhuku za m'mudzi muno. Nditamva izi ndinazindikira kuti ndi zomwe ndimachita ine ndi chipika. Ndimachigubuduza masiku ambiri, anthu n'kumati Damiyano wayamba ulesi, chonsecho ndikufuna pomwe munthu wabisala mumtengomo.

Ndinayesanso njira ina, ndipo iyi ndikuulula ndi manyazi. Ndinatenga chidutswa cha m'bawa kuti ndiseme nkhope yomweyo, ndikuonetse kuti manja amaposa makina. Mphini ndinazitha, makwinya ndinawatha. Kuseka kuja kunandikana. Ndikakumba pang'ono, akulira, ndikawonjezera, akuyasamula. Kuseka kotero kumakhala kanthawi kochepa kuposa kuphethira, ndipo mtengo umachedwa. A Kalisto anandipeza thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, mukusema ndani pamenepa, mfiti?"

"Khalani pansi muone ichi."

Anachiyang'ana chithunzi chako nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu. "Chokongola, inde. Koma ajambula ndi makina. Mwanayo wangodina."

Ndinawapatsa foni yanga. "Dinani inunso. Ndijambuleni."

Anadina. Munatuluka mimba yanga, theka la njinga, ndi chala chawo.

"Foni yanuyi ndi yotchipa," anatero.

"Nanga tchizulo yanu yodula ija, imasema yokha inu mukapita kobwereka fodya?"

Sanagonje. Mpaka lero akuti luso lopanda matuza m'manja ndi masewera. Asiye, ndi anzanga, ndidzalimbana nawo ndekha iwe uli kusukulu. Koma ine ndagonja. Sindikunena kuti chithunzi chilichonse ndi luso. Zomwe anthu amajambulana paukwati atatupitsa milomo zija, ayi ndithu. Komatu si chosema chilichonsenso chili luso. Mvuu zomwe ndasemera alendo odzaona malo, maganizo ali ku mpira wa pawailesi, n'zosawerengeka, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe inakhazikapo munthu pansi mpaka masana. Chako chinandikhazika. Ngati chimenecho si luso, ndiye kuti ine luso sindilidziwa.

Loweruka lapitalo ndinapita kukalapa, chifukwa mtima sunali m'malo. Ndinagwada n'kunena kuti, "Bambo, ndawayang'ana apongozi anga kumaso, ndipo osati kamodzi." Kuseri kwa kansalu ndinamva bambo mfumu akutsokomola chifuwa chachilendo. Anandifunsa kuti ndinawayang'ana ndi mtima wotani. Ndinati wachimwemwe. Anati tchimo limenelo m'malamulo khumi mulibe, koma ngati ndili ndi lina ndinene. Ndiye ndinanena la nyani lija, lomwe ndinakuchititsa nalo manyazi pagulu. Pamenepo sanatsokomole. Anati, "Limeneli kolona yekha salitha. Mukalikonzere komwe munalilakwira." Tsono ndi ino kalata, ndipo mawa ndikanenanso pamaso pa a mumphakati omwe aja, chifukwa cholakwa cha pabwalo sichipepesedwa kuchipinda. Pepa, Yasinta. Ndinalankhula ngati chitsiru. Iwenso ukadzalakwira munthu, usadzachedwe kupepesa ngati bambo ako.

Pali chinthu chimodzi chomwe chikundidetsa nkhawa pa ntchito yakoyi, ndipo ndikuchidziwa chifukwa chinandiluma. Nthawi ina ndinasema Njira ya Mtanda ya tchalitchi china chakumudzi. Pofuna nkhope ya msilikali wokhoma misomali, ndinatenga ya bambo wina wa m'mudzi momwemo, wamphuno yokhota, chifukwa inandikomera m'maso. Sindinamupemphe. Tsiku lodalitsa, ana anayamba kuloza: "Awo ndi a uje! A uje akukhoma Yesu!" Tchalitchi chonse chinaseka, ine n'kumamva kukoma kuti ndafanizira bwino. Bamboyo anatuluka mwakachetechete, ndipo Lenti yonse imeneyo sanapondemo. Ndinakachotsa thabwalo n'kuwongola mphuno, koma dzina loti Wamisomali linamukakamira. Nkhope ili ndi mwini wake, mwana wanga. Ine kuti ndibe nkhope pamatenga mwezi, mpata woganiza ulipo. Iwe ukhoza kuba zambiri usanameze malovu. Uzipempha. Munthu akakana, tsitsa kamera. Usadzapachike pakhoma njala ya munthu, misozi ya pamaliro, kapena mwana wosavala, kuti odutsa akuyamikire. Gule wamkulu ukamupeza pabwalo, funsa eni ake chomwe chili chololedwa, ndipo chomwe akuletsa usachizembere, ngakhale utaona kuti chikanakupatsa malikisi. Uzipempha, Yasinta, uzipempha.

Zina ndi zing'onozing'ono, amayi ako akuuza kale koma ndibwereza. Lamba wa kamera azikhala m'khosi, makamaka pokwera ndi potsika. Lamulungu loyamba lomwe ukafunefune tchalitchi, ukalowe kwaya, mawu ako okwera aja asachite dzimbiri. Mnyamata akadzati tiye kuchipinda kwanga ndikakuonetse zithunzi, umuuze kuti zithunzi zimaoneka bwino panja, padzuwa. Usamadumphe chakudya chifukwa chothamangira kuwala kwa m'mawa. Uziwaimbira amayi ako. Akamati ali bwino koma mawu atatsika, udziwe kuti akusowa. Ine usamavutike nane, komabe ukaimba sindikana.

Felemu ndasema. Ndi ya mlombwa uja ndinkasungira ntchito yaikulu. Poyamba ndinaidzaza maluwa, mbalame ndi angelo, pofuna kuti anthu a ku Blantyre adziwe kuti bambo ake a mtsikanayu nawonso si munthu wamba. Nditaika chithunzi mkati ndinaona kuti angelo anga akuchita phokoso, akulimbana ndi agogo ako. Ndinawapala onse. Yatsala yosalala, ndi ngala imodzi ya mpunga pakona yam'munsi. Ili m'chikwama chachikulu pakati pa mabulangete. Usakhalire.

Nditaimaliza dzulo, ndinafunsa amayi ako ngati agogo ako akudziwa kuti nkhope yawo ikukapachikidwa pamaso pa alendo. Anati unawapempha kujambula, koma za khomalo umaopa kuwauza chifukwa cha mano aja. Sindikukudzudzula, ine wa misomali ndingadzudzule ndani? Koma sindikanalola kuti uyambe ntchito yako ndi nkhope yosapempha. Tsono lero m'mawa, iwe uli kumsika ku Mtakataka, ndinapatsa amayi ako chithunzi chili m'felemu kuti akachiike pamiyendo pa agogo ako, ine n'kukakhala pamalo anga kuseri kwa nkhokwe. Akanakana ndikanayenera kukuuza kuti chithunzi chitsale, iwe n'kupita chimanjamanja, utandikwiyira kachiwiri.

Kenako ndinamva mawu a agogo ako.

"Mano anga onse pamtunda! Mwana ameneyu alibe ulemu. Ndinamuuza kuti adikire ndivale chilundu."

"Pepani, apongozi. Mukakana, sichipita."

"Ndani wati ndakana? Ndikufunsa, kumeneko akachiona ndani?"

"Aphunzitsi, ophunzira anzake, mwina ndi akuluakulu ena."

"Akalembe pansi pake kuti mpungawo ndi wakilombero, ndinalima ndekha. Asakayese wogula. Ndipo nkhukuyo si yanga. Ndi yanu, apongozi, imandivutitsa tsiku ndi tsiku."

"Akalemba."

Anafwenkha fodya n'kuyetsemula. Ndinayamba kudzuka kuti nditsanzike.

"Apongozi."

"Wawa."

"Felemu imeneyi mwasema mutatsinzina?"

Yasinta, ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma munthu wochokera kolapa sayambiranso bodza sabata isanathe. Ndinati, "Ayi, apongozi. Ndinaona."

"Mwandiona."

"Ndakuonani."

"Ndiye mwapeza bwanji?"

"Ndapeza komwe akazi anga anatenga kukongola."

Kuseka komwe kunabuka pakhondepo ndinakumva ndi msana monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno ndinkadziwa momwe kukuonekera. Atapuma anati, "Inu mwandiona, ine ndikungodziwa nkhongo yanu ndi dazi lomwe likukula chaka ndi chaka. Chilungamo chili pati pamenepa? Ndakalamba, ndatopa kulankhula ndi nkhokwe. Makolo anatisiyira njira yothetsera manyazi amenewa. Mubwere ndi tambala, osati kamwanapiye, ankhoswe akhalepo, tithane nazo mdzukulu wanga asanakwere galimoto. Ndikufuna ndikaime pambali panu pomutsanzika, osati wina uku wina kuseri kwa mtengo ngati tinaberana mbuzi."

Tambala ndagwira kale, wofiira uja, ali m'dengu kuseri kwa khitchini, ndipo ankhoswe ndawauza. Mawa tikatuluka Misa yoyamba ndilankhula kwa a mumphakati, kenako tonse tipita kwa agogo ako, kuchoka kumeneko tikuperekeza kumsewu. Chithunzi chikupita, ndi chilolezo cha mwini nkhope. Iwenso ukupita ndi dalitso la bambo ako, lathunthu, losabenthula. Pita ukaphunzire luso lako, ukalidziwe kuposa momwe ine ndimadziwira langa. Ambuye akutsogolere, Amayi Maria akufunditse chitenje chawo.

Pempho langa ndi limodzi. Kamera usailongedze pansi pa chikwama. Ukhale nayo m'manja mawa pakhonde paja. Ine ndidzakhala nditafulatira, tambala atalandiridwa, ankhoswe atalankhula. Usadzatiuze kuti tiime bwino, usadzatiuze kuti tiseke. Mbali ya dzuwa usankhe wekha. Sindikudziwa kuti ndidzapirira nthawi yaitali bwanji ndisanagwetse maso. Tsono ndikadzangotembenuka, mwana wanga, usadzachedwe.

Ndine bambo ako okukonda,
Damiyano